Moni wa Akhwangwala Pamsewu wa Tala

Kalekale, nyama ndi mbalame zikadayankhula, akhwangwala anali mbalame zaulemu kuposa zonse. Musaseke, ndikunena zoona. Wofuna kuyankhula ndi wamkulu ankayamba wagwada, kuwomba mapiko katatu, kufunsa za kunyumba, kenako n'kunena chimene wadzera.

Ndiye anthu anamanga msewu wa tala. Pamsewupo panali dzenje, ndipo lole ikagunda dzenjelo chimanga chinkamwazika. Akhwangwala aamuna ankatera pakati penipeni n'kumatola. Ntchito yolondera magalimoto anaipereka kwa Nasimango, mkazi wa Kamtedza, chifukwa anali wa maso akuthwa.

Tsiku loyamba Nasimango anaona minibasi ikubwera. Anatsika mumtengo, nagwada pamaso pa alamu ake aakulu, nawomba mapiko katatu. Anawafunsa mmene aswerera, iwo anati aswera. Anafunsa za ana, iwo anayamba kuwatchula mmodzimmodzi. Asanafike pa wachinayi, phwa! Nthenga zokhazokha.

Tsiku lachiwiri anaona basi. Pofuna kufulumira, anawomba mapiko kamodzi kokha pamaso pa alamu ake aang'ono. Alamuwo anakwiya, nati mwambo si wodula ngati nzimbe, ayambirenso. Nasimango anayambiranso. Phwa! Nthenga zokhazokha.

Pabanjapo panatsala Kamtedza yekha. Nasimango anachita mantha, ndipo m'mawa mwake anamudandaulira kuti azikadya ziwala kutchire. Kamtedza anakana. Anati ziwala n'zofuna kuthamangitsa, pamene chimanga cha pamsewu chimadikira mwini, ndipo abale akewo anafa chifukwa tsiku lawo linakwana.

Nasimango anakwera mumtengo, nalumbira chamumtima kuti iye umasiye ayi, zivute zitani mwamunayu abwerera naye kuchisa.

Dzuwa lili paliwombo, lole yodzaza ndi matumba inatulukira pakona, ikufuka utsi, hutala ili pii. Kamtedza anali atatembenukira kwina, mlomo uli pachimanga. Miyendo ya Nasimango inafuna kugwada yokha, poti chizolowezi n'chovuta. Koma iye anatsika ngati mwala, nakuwa kuti, "Khwaa!" n'kumumenya mwamunayo teche la pamsana. Onse awiri anakagwera m'ngalande, lole n'kudutsa.

Kamtedza anadzuka ali matope okhaokha, ukali uli m'khosi.

"Mkazi iwe, kwanu sanakulange? Moni uli kuti?"

Nasimango anagwada m'matopemo, nawomba mapiko katatu, mosafulumira.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Kamtedza anatsegula mlomo kuti akalipe, koma kumbuyo kunamuzizira. Atacheuka, anapeza mchira palibe. Anayang'ana pamsewu, nauona utamatirira pa tala, pomwe paja ankatola chimanga. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Taswera, mayi," anatero ndi mawu aang'ono. "Taswera ndithu."

Mchira unameranso, wopindika pang'ono. Kamtedza anakalamba mpaka imvi, akudumpha ngakhale njinga yakapalasa ikaliza belu, ndipo akuluakulu akamati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, amanena iyeyo. Kuyambira pamenepo khwangwala akaona choopsa sapereka moni, amangokuwa.

Inu mukundimvera, ulemu ndi wabwino, koma moni amayankha ndi wamoyo. Mukaona mnzanu ali pangozi, mukankheni kaye, za kunyumba mufunsana pambuyo.

Nthano yanga yathera m'ngalandemo. Kaphuleni mbatata isanapserere.