Tsiku Limene Ng'oma ya Abambo Idang'ambika

Ana inu, mwambi uli ngati chitsime chakale: omwapo ndi ambiri, koma wokumba adaiwalika. Ngakhale zili choncho, akhristu a tchalitchi china cha kutsidya kwa mtsinje wa Kasangadzi amati mwambi wa ng'oma yoliritsa adaumvetsa bwino pa ukwati wa Mwatitha, mwana wa bambo Lufeyo Kamtedza. Nkhaniyi ili pano monga momwe amaikambira amene adaona ndi maso awo.

A Lufeyo adali wapampando wa bungwe la abambo, munthu wansangala, woyamba kufika ku mapemphero. Vuto lawo lidali limodzi: chimene agwirapo dzanja ankafuna chimveke mpaka kumsika.

Chaka chimenecho mpingo udapeza zoimbira zatsopano. Achinyamata adabweretsa ampulifaya, kabokosi kotenga nyimbo pa intaneti n'kuzitumiza ku masipika, koyendetsedwa ndi foni. Amayi adagula masipika awiri aang'ono opachika pakhoma. Abambo, posafuna kuchepa, adafika ndi chibokosi chakuda cholekeza m'chiuno, chimene ogulitsa amati sabuwufa, sipika ya mawu a besi okhaokha. Adachikweza pangolo, akuimba njira yonse, ndipo adachitcha Ng'oma ya Abambo.

Wolumikiza zonsezi adali Mwatitha, yemwe ankaphunzitsa kwaya. Sabata ya ukwati wake, foni idamuuza kuti ampulifaya ikufuna apudeti.

"Apudeti ndiye chiyaninso, mwanawe?" adafunsa a Lufeyo. "Chinthu chatsopano chadwala kale?"

"Ayi, ababa. M'kati mwa kabokosika muli malangizo amene kamayendera. Amene adakapanga atumiza malangizo atsopano. Chachikulu n'chakuti wina asazule nthambo mpaka zithe. Zikadukizidwa panjira, kakhoza kugona osadzukanso."

A Lufeyo atamva zimenezo adakaima pa soketi atatambasula manja ngati nkhuku yofungatira anapiye. Mayi wina wosesa adamubweza ali patali. Kamzere ka pa foni kankayenda pang'onopang'ono, iwo akunong'ona pemphero loti magetsi asathime. Kanyali kobiriwira katayaka, adafuula kuti, "Aleluya!" ngati mwana wabadwa.

"Taonani zimene atiwonjezera," adatero Mwatitha, akuwaonetsa timizere tiwiri pa foni. "Aka koyamba ndi malire. Mawu onse otsika kuposa apa azipita ku Ng'oma yanu, okwera azipita ku masipika a amayi. Ndakaika chapansi, pa nambala 80. Kachiwirika ndi mphamvu ya Ng'oma, ndakasiya pakati. Aliyense asenze katundu womuyenera."

Adayatsa nyimbo yolowera akwati, ija ankaiyeserera masitepe madzulo alionse ndi anzake omuperekeza. Idamveka bwino kwabasi. Mawu a oimba adali oyera, ndipo pansi pake pankagunda kanthu kokoma kofika m'chifuwa. Amayi amene ankakongoletsa tchalitchi adasiya nsalu n'kuyamba kuvina.

A Lufeyo adawerama, khutu pa chibokosi chawo. Adamva "di, di, duu." Adadikira. Chidabwereza "di, di, duu." Atapita pansi pa timasipika ta amayi adamva liwu lililonse la nyimbo, mpaka kupuma kwa woimba.

Akazi awo, a Nankhoma, adawaona nkhope itagwa. "Bambo a Mwatitha, bwanji? Mwana wanu wonenepayu sadayambe kulankhula? Tiwiri tathuti tikulalika uthenga, iye akungogwedeza mimba!"

Amayi onse adaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Ababa, musawamvere," adatero Mwatitha. "Ntchito yake ndi imeneyo. Mukaipatsa zambiri itopa."

A Lufeyo adaseka nawo, koma mawu aja adawatsalira mumtima.

Tsono mukudziwa, ana inu, kuti pa ukwati wa kwathu oyendetsa zinthu ndi ankhoswe. Ndiwo amalankhula, ndiwo amalangiza. Bambo wa mkwatibwi amangovala suti n'kukhala pampando ngati mlendo. A Lufeyo zimenezo zidawalemera, poti mwana wamkazi adali yekhayo. Adapempha kuti awapatseko ntchito imodzi yokha, yogwira foni ya nyimbo.

"Chabwino, ababa," adavomera Mwatitha. "Tikafika pakhomo mudzangodina apa. Timizere tija musatikhudze."

Tsiku lidafika. Akuchimuna adabwera pa lole kuchokera ku Salima, akuimba ndi kugwedeza nthambi. Bwalo la tchalitchi lidadzaza zitenje zofanana, ana akuthamangathamanga, nthungululu zili ponseponse. A Lufeyo adaika nyimbo zolandirira alendo, zikumveka mofatsa monga Mwatitha adazisiyira.

Apo padafika a Chikakuda, mnzawo wa m'bungwe la abambo, amene adatsogolera ngolo tsiku lija.

"Achimwene, n'zimenezi basi? Alendo achoka kutali chonsecho, akanene kwawo kuti amva tiwiri ta amayi? Ng'oma yathu tidaigulira kukhala mpando?"

"Mwana adati ndisakhudze."

"Mwana ali ku saluni. Lero mwini bwalo ndinu. Ipatseni mawu nayonso ilankhule!"

A Lufeyo adayang'ana foni, adayang'ana alendo. Chala chidakwera chokha. Adakankha kamzere ka malire mpaka kumapeto, kuti mawu ambiri atsikire m'chibokosi. Kenaka adakankhanso ka mphamvu.

Mayo ine, Ng'oma idalira! Malata adanjenjemera, fumbi lidayoyoka pa mitanda ya denga, maluwa a paguwa adayamba kuvina okha. Mawu a oimba ankatulukamo ngati munthu akulankhulira mu mgolo, koma ndani adasamala? Anyamata a kabaza adasiya okwera pamsewu n'kuthamangira kutchalitchi. Ogulitsa tomato kumsika adaimirira. Akuchimuna adadumpha m'mabenchi akufuula kuti, "Izi ndiye zinthu! Kuno kuli amuna!"

A Chikakuda adavina mpaka jekete adaivula. Abambo ankabwera mmodzimmodzi kudzagwira chanza a Lufeyo, ndipo iwo chimwemwe chidawafika pakhosi. Aliyense wowayamika, iwo ankawonjezerako pang'ono.

A Nankhoma adadutsa pafupi ndi chibokosi, n'kuima, mphuno ili m'mwamba. Adakuwa m'khutu mwa amuna awo kuti, "Bambo a Mwatitha, pano pakununkha ngati nthambo yopsa!"

"Ndi utsi wa kophikira uwo, mayi! Pitani mukalandire ana!"

Galimoto ya akwati idafika ikuliza hutala. Operekeza adandanda pakhomo awiriawiri, kumbuyo kwawo Mwatitha atavala zoyera, dzanja lili m'dzanja la mwamuna wake. A Lufeyo adadina nyimbo yolowera, misozi ikulengeza. Masitepe adayamba, phazi kumanja, phazi kumanzere, anthu atakwera pa mabenchi kuti aone. Nyimbo idafika pamene besi imagwa mwamphamvu, pomwe mkwatibwi amayenera kuponda m'tchalitchi.

Phwaa!

Chibokosi chidalira ngati thumba laphulika, chidakhosomola kawiri, n'kutulutsa kautsi. Ampulifaya, podziteteza, idadzizimitsa yokha, kanyali kofiira kali psuu. M'tchalitchi monse mudangoti zii. Operekeza adatsala manja ali m'mwamba. Mwatitha adaima pakhomo phazi limodzi lisadatere.

A Lufeyo adadina apa, adadina apo, thukuta lili kamukamu. A Chikakuda adali atasowa kale pakati pa anthu. Padalibe wina wodziwa zochita, kupatula mmodzi.

Mwatitha adasiya dzanja la mwamuna wake, adakweza chophimba kumaso, adanyamula mpendero wa diresi, n'kuyenda yekha pakati pa mabenchi, popanda nyimbo, popanda sitepe, nsapato zokha zikumveka. Kulowa kumene adakuyeserera nthawi yonse ija kudathera pomwepo. Atafika kutsogolo adagwada pa simenti ndi diresi lake loyera, adazula nthambo ya chibokosi chakufacho, n'kutambasula dzanja.

"Foni, ababa."

Adampatsa ndi manja awiri. "Mwana wanga, ndakulakwira. Ndimafuna tsiku lako limveke."

Mwatitha adaona pamene timizere tidafika, n'kupukusa mutu. Misozi idali pafupi, koma kuseka kudaipambana. "Lamveka, ababa. Mpaka ku Salima akalikamba."

Adabweza zonse m'malo mwake, adayatsanso ampulifaya, adabwerera pakhomo, ndipo adalowa kachiwiri ndi timasipika tiwiri tokha. Nyimbo idali yopyapyala, yopanda kugunda kuja, ndipo pa maondo a diresi padali zipsera ziwiri za fumbi zimene zikuonekabe pa zithunzi zonse za ukwatiwo. A Lufeyo adakhala pampando wawo, manja pa maondo, akuthokoza Mulungu chamumtima kuti mwana wawo adali wa mtima wofewa.

Mapemphero atatha, nkhoswe ya kuchimuna, bambo wachikulire amene adasemapo ng'oma pa unyamata wake, adapita kukasuzumira m'chibokosi. Adalowetsa chala pamene padang'ambika, adanunkhiza, n'kutembenukira kwa a Lufeyo.

"Asewere, musadandaule kwambiri. Idalira ndithu, tonse taimva. Koma ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika."

Mawu amenewo adayenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo mpaka lero kumeneko akaona munthu wakwera mopitirira amangoti, "Kumbukani Ng'oma ya Abambo."

Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Tanthauzo lake, ana inu, n'lakuti chinthu chimene chatchuka ndi kutamandidwa kwambiri chimakhala pafupi ndi ngozi, chifukwa oimba amachimenya mowonjeza pofuna kuti chimveke kuposa dzulo. Munthunso ali choncho. Akayamba kukonda m'manja mwa anthu, amasenza za anzake pamwamba pa zake, amapyola malire amene adamuikira omukonda, ndipo amathyokera pa ola limene akufunika koposa. Chibokosi chija chikadasiyidwa pa "di, di, duu" wake, bwenzi chikugundabe m'zifuwa za anthu Lamulungu lililonse. Ambuye akupatseni mtima wokhutira ndi gawo lanu, ngakhale likhale lija losatchulidwa dzina.