Tsiku Limene Mphezi Zinasowa Wosewera Nazo

Tcherani khutu, ana anga, ndipo mawu awa muwasunge monga mlimi asungira mbewu ya chaka chamawa. Ndikuuzani za mwambi wina ndi mmene unafikira pakamwa pa anthu a m'chigwa cha Nkhande. Kwina amati unadza ndi alenje, koma kumeneko amati unabadwira pabwalo la mpira.

M'chigwamo munali ligi ya matimu asanu ndi atatu, ndipo kwa osewera ake mpira ndiwo unali khasu lawo. Loweruka lililonse anthu ankadzaza bwalo, chifukwa panalibe wodziwiratu amene apambane.

Timu ya Mphezi mwini wake anali a Filimoni Kamtedza, munthu wa malole onyamula fodya. Musawayese oipa mtima. Paunyamata wawo iwonso anali wosewera, ndipo atathyoka mwendo pabwalo, timu yawo inangowauza kuti pepani, n'kuwaiwala. Choncho Mulungu atawadalitsa ndi chuma, analumbira kuti wosewera wawo sadzagona ndi njala. Anayamba kulipira katatu kuposa matimu ena, ndipo aliyense wodziwa kugoletsa kapena kutchinga anayamba ulendo wa ku Mphezi, monga nyerere zopeza shuga.

Eni matimu atasonkhana, anaimirira a Dikisoni Phalula, mphunzitsi wa timu ya Akambuku a ku Mphonde, munthu wofatsa amene ankayenda panjinga yakapalasa.

"Abale anga," anatero a Phalula, "tiyeni tiike muyeso. Pakhale malire a ndalama zimene timu imodzi ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo gawo la za pachipata tiziponya m'dengu limodzi n'kugawana. Paja ngakhale mana a m'chipululu ankatoledwa ndi muyeso, kuti wamiyendo yaitali asamalizire wopunduka."

A Kamtedza anaseka pang'ono. "Aphunzitsi, mwawerenga bwino, koma tsamba lina mwalidumpha. Kodi wantchito sayenera malipiro ake? Ndalama ndi zanga, thukuta ndi la anyamata. Muyeso wanuwo ndi nsanje yovala jekete."

"Sitikuti muwamane, bwana. Tikuti mutisiyireko wosewera nanu."

"Limbikani ntchito, mudzandipeza," anayankha a Kamtedza, natenga chipewa chawo n'kutuluka.

Chaka choyamba Mphezi zinatenga chikho, ndipo anthu anavina. Chaka chachiwiri zinatenganso, koma zigoli zinali zochititsa manyazi: zisanu ndi zitatu kwa duu, khumi kwa duu. Ochemerera matimu ena anayamba kukhala kunyumba, poti ndani angalipire pachipata kuti akaone mwana wake akukwapulidwa? Pachipata pataphwa, matimu ang'onoang'ono analephera ngakhale kulipira galimoto yopitira ku masewero. Inagwa ina, kenako ina. Pofika chaka chachinayi anatsala matimu atatu, ndipo imodzi mwa atatuwo inatsanzika mvula isanagwe.

Goloboyi wa Mphezi anali Yotamu, mwana wa mlongo wawo wa a Kamtedza. Ali ku Mphonde, asanagulidwe, ankatchedwa Nyani chifukwa cha kudumpha kwake. Tsopano ankangoima pagolo ngati mzati wachitatu. Amayi ogulitsa mtedza kuseri kwa golo ankamuseka.

"Yotamu, tikubweretsere mpando?"

"Iwe Nyani, tagwirako lichero ili ndikamwe madzi, poti manja ako alibe ntchito!"

Tsiku lina atatuluka m'tchalitchi, Yotamu anayenda pambali pa amalume ake.

"Malume, chaka chino mpira ndaugwira kanayi. Kawiri anachita kundibwezera anzanga pondimvera chisoni."

"Malipiro ako achedwapo?"

"Ayi, malume."

"Nanga ukudandaula chiyani, mphwanga? Anzako akulira njala, iwe ukulira mpumulo?"

Yotamu anangoti, "Manja anga akuiwala, malume." Mawuwo anawalasa pang'ono a Kamtedza, koma anawakankhira kumbali.

Linafika tsiku lolimbirana chikho, Mphezi ndi Akambuku. A Kamtedza anali atamanga nsanja yatsopano ya alendo, anapha ng'ombe ziwiri, naitana anthu a m'chigwa chonse kuti alowe ulere. Sabata yomweyo anali atagulanso wosewera wapakati wa Akambuku, si kuti ankamufuna, koma chifukwa mnyamatayo anadzapempha yekha. Osewera a Mphezi analipo makumi atatu, ovala jezi zofiira zonyezimira, ambiri a iwo atakhala pabenchi chaka chathunthu.

Dzuwa litapendeka, a Phalula analowa pachipata akukankha njinga yawo, pambuyo pawo pali anyamata ovala jezi zofwifwa. A Kamtedza anawerenga ali pansanja. Anawerenganso. Analipo asanu ndi mmodzi.

Woyimbira mpira anadikira mphindi zimene lamulo limalola, kenako anakwera pansanja wenzulo ili m'manja.

"Bwana, lamulo likuti timu isachepere osewera asanu ndi awiri. Apereweza mmodzi. Masewero palibe. Chikho ndi chanu."

Mmodzi woperewerayo a Kamtedza ankamuona ndi maso awo, atakhala pabenchi ya Mphezi, nsapato zake zatsopano zisanapondepo udzu.

Anawapatsa chikho. Panalibe nthungululu, panalibe ng'oma. Anthu anayamba kutuluka mwakachetechete ngati ochokera kumanda, osayang'anako kumene nyama inkaphikidwa. A Kamtedza anaima pakati pa bwalo atanyamula chikho chija, ndipo anamva kuti n'chitini chabe chozizira. Anakumbukira mpira wachikulunga umene ankamanga ndi luzi ali mwana, ndi kuti ukasowa mnzako woumenya naye, unkangokhala mulu wa mapepala.

A Phalula anadza kudzawapatsa moni. "Tikuyamikani, bwana. Mwapambana. Ifenso tatsanzika, chaka chamawa sitidzakhalapo."

"Nanga ine ndidzasewera ndi yani?"

"Funso limenelo ndinakufunsani zaka zinayi zapitazo."

A Kamtedza anaika chikho pansi, pa udzu.

"Aphunzitsi, ndinalakwa. Ndinkayesa kuti ndikumanga nyumba, osadziwa kuti njerwa ndikugumula kwa anansi anga. Taonani mmene ndakhalira: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Musapite. Lero tisewere, ngakhale chikho chisakhalepo." Anatembenukira ku benchi. "Onse amene munachokera ku Mphonde, bwererani kwanu mukavale jezi zanu!"

Anaimirira anyamata anayi. Wachisanu anachokera pagolo, akuvula jezi yofiira akuthamanga.

"Iwenso, mphwanga?"

"Malume, mundikhululukire. Uko ndiko kumabwera mipira."

Wenzulo italira, amene anali pachipata anacheuka, ndipo amene anali atafika kumsewu anabwerera. Mphezi zinawomba ngati mvula yamatalala, koma Yotamu anauluka kumanja, nauluka kumanzere, mpaka zigongono zinasupuka iye akuseka. Mayi wa mtedza uja anataya lichero, nafuula, "Nyani wadzuka! Nyani wadzuka!" Masewero anatha chigoli chimodzi kwa chimodzi, ndipo akuti phokoso la tsiku limenelo linamveka kutsidya kwa mtsinje. A Kamtedza mawu anawathera ndi kuchemerera, osadziwanso kuti akuchemerera mbali iti. Ng'ombe ziwiri zija zinatha, osatsala ndi fupa lomwe.

Sabata yotsatira a Kamtedza ndiwo anayamba kusaina pangano la muyeso. Sizinali zopanda ululu, ana anga, pakuti choonadi sindingakubisireni. Ena mwa osewera malipiro awo anatsika, ndipo awiri anachoka m'chigwamo akung'ung'udza. Koma a Kamtedza sanaiwale lumbiro lawo: anapempha kuti m'dengu logawana lija muzikhala gawo la wosewera aliyense wovulala, wa timu iliyonse. Matimu amene anagwa anadzuka imodzi imodzi, ndipo anyamata amene ankakalambira pabenchi anapeza pomenya mpira. Mphezi zinadzatenganso chikho patapita zaka zitatu, movutikira, ndipo tsiku limenelo a Kamtedza analira misozi.

Kuyambira pamenepo, anthu a ku Nkhande akaona munthu wofuna kupatutsa madzi onse kuti aloze kumunda kwake, amamukumbutsa kuti, "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu." Tanthauzo lake ndi ili: kanyama koyenda kokha m'thengo kangakhale konenepa, koma kalibe wokachenjeza, kalibe wokondwera nako. Umunthu umaoneka pamene pali mnzako, ngakhale mnzakoyo akhale wopikisana nawe. Mlengi mwini, ataika munthu woyamba m'munda wodzala zipatso, sanakhutire pomuona ali yekha. Wopikisana nawe si mdani woti umuthe; ndiye amene amachititsa kuti kupambana kwako kukhale ndi kukoma. Ukamufooketsa mpaka kugwa, wadzilanda wekha.

Tsono inu amene mwamva, Ambuye akudalitseni. Akupatseni manja olimbika ndi mtima wodziwa muyeso. Mukadzakwera, musadzakwere nokha, ndipo pabwalo lililonse limene moyo udzakuimikani, musadzasowe mnzanu woima mbali inayo. Mtendere ukhale nanu.