Chimanga chimene chinafa ndi ludzu nthaka ili yonyowa

Panali mlimi wina wodziwa khasu koma wosadziwa muyezo. Munda wake unali umodzi wokha, ndipo banja lonse linkadalira pomwepo. Chaka china anapeza thumba la feteleza, koyamba m'moyo wake, ndipo anasangalala kwabasi.

Chimanga chitafika masamba anayi, iye ndi mkazi wake anagawana mizere. Mkaziyo anachita monga amanenera alangizi a zaulimi. Ankaboola kadzenje pataliko pang'ono ndi phesi, n'kuthira feteleza wodzaza kachitsekerero ka botolo, n'kukwirira. Bamboyo anamuseka.

"Kumeneko n'kumana, mayi. Changa chidye, chikhute."

Anatapa dzanja lodzaza, nathira patsinde penipeni, phando lililonse mpaka kumapeto kwa munda.

Kunagwa mvula yowaza, yongosungunula fetelezayo. Patapita masiku atatu, mizere ya mkazi inali yobiriwira. Ya bambo inali itapinda masamba, nsonga zitapsa. Bamboyo anapisa chala m'nthaka, napeza kuti ndi yonyowa. Anazula phesi limodzi, mizu ili yofota ngati ulusi. Mtima unamuwawa, chifukwa sanachite ulesi. Anachita mwachikondi.

Mlangizi atabwera anamuuza kuti, "Bambo, feteleza ndi mchere. Muzu uli ndi kakhungu kopyapyala kamene madzi amadutsapo, ndipo madzi amapita kumene mchere wachuluka. Ukachuluka mkati mwa muzu, muzu umamwa. Inu mwauchulutsa kunja. Nthaka ndiyo yamwa chimanga chanu."

Chaka chimenecho banjalo linakolola mizere ya mkazi yokha, ndipo nkhokwe inatha mvula ina isanagwe.

Inu makolo, ndikunena ndi inu, ndipo sindikukayika. Kulangiza mwana n'kwabwino. Koma ena a inu, mwana akalakwa kamodzi, mumamukhuthulira thumba lonse: za lero, za dzulo, za chaka chatha, anzake akuonerera. Mukamuona wangoti duu, mumati wamva. Sanamve ayi. Mwamuyamwa kamphamvu kamene kanali mwa iye. Nenani chimodzi, panthawi yake, kenako mupatseni mpata achilandire yekha. Mwana amatha kufota ali m'nyumba ya anthu omukonda.