Injini Yosadandaula

Panali makaniki wina ku Nchalo, kuja nzimbe zimayambira m'mphepete mwa msewu n'kukathera kumene maso athera. Dzina lake anali Yotamu Kamowa. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, Esinala, ndipo awiriwa ankagwira ntchito pagalaja imene bambo awo anawasiyira.

Bambowo anawasiyiranso galimoto yakale yofiira. Kunja inali yosaoneka bwino, chitseko china chomangira waya, koma injini yake, ha, imeneyo inali nkhani ina. Inali injini yomaliza imene mkuluyo anamanga ndi manja ake asanamwalire, bawuti ndi bawuti. Anaiikira thebo, kachipangizo kopindika ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya wambiri m'kati kuti injini ikhale ndi mphamvu zoposa msinkhu wake. Yotamu akawasowa bambo ake sankapita kumanda. Ankangoliza galimotoyo n'kukhala pansi kumamvetsera.

Pathebopo panali kasikulu. Ukakapotoza, mpweya umachuluka, mphamvu n'kukwera. Ukapitirira muyezo, injini ya petulo imayamba kugogoda m'kati, ngati timiyala m'chitini, ndipo ukanyalanyaza kugogodako imanoka. Choncho bambowo anaphunzitsa ana awo njira yake. Mmodzi aziyendetsa. Wina atenge paipi yalabala, mbali ina aimangirire painjini, ina aidutsitse pawindo aiike kukhutu. Lamulo linali lalifupi: "Potoza mpaka idandaule. Ikadandaula, bwerera kamodzi, usiye."

Ndiye khutu la Yotamu linali khutu, anzanga. Anthu ankachoka ku Ngabu, ku Bangula, kubweretsa magalimoto awo kuti angowamvera. Esinala ndiye ankayendetsa, poti anali wa phazi lodekha ndi wosachuluka mawu.

Chaka china petulo anasowa. Mizere pamalo omwetsera mafuta inkafika kumsika. Awiriwa anati, nanga ife tikhalirenji manja lende pamene tazunguliridwa ndi nzimbe? Anapeza mafuta ochokera ku nzimbe aja amawatcha ethanolo. Anasintha mapaipi kuti asadyeke, anakulitsa njira ya mafuta poti amenewa injini imamwa ambiri, kenako analiza.

Mukanaiona! Inalira bwino ngati yachoka m'sitolo dzulo. Kutentha konse kwa kuchigwa kuja, kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa malole, iyo inali ziii, osawira. Utsi wake unkanunkhira tseketseke, mpaka mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi galaja anati, "A Kamowa, galimoto yanuyi yayamba kachasu? Muiuze iziyamba yadya." Anthu anaseka, Yotamu naye anaseka, mtima uli mbee.

Yotamu anapotoza kasikulu kamodzi. Esinala anayendetsa, iye paipi kukhutu. Chete. Anapotozanso. Chete. Anafika pamene injiniyo inkadandaulira masiku a petulo, anadutsapo, koma m'paipimo munali nyimbo yokhayokha. Galimoto inkangoti ukaponda pang'ono, msana wako wamata kumpando.

Tsopano mumtima mwa Yotamu munali kanthu. Pali chitunda chachitali chija chochoka ku Thabwa kukwera ku Blantyre, chokhotakhota, chimene malole amakwera akulira. Bambo ake ankalakalaka kukwera gawo lake lowongoka ali pagiya yachinayi, koma petulo sanawalole. Yotamu anati, ine ndiwakwerera.

Loweruka m'mawa anaima m'munsi mwa chitundacho. Yotamu anatsegula boneti, natulutsa sipana m'thumba.

Esinala anati, "Achimwene, pamenepo pakwana."

"Yadandaula?"

"Ayi."

"Nanga ukuidandaulira ndiwe? Unabadwa nayo limodzi?"

"Lamulo lija bambo analipanga ndi petulo," anatero Esinala motsitsa mawu. "Mafuta awa sagogoda msanga. Koma zitsulo za m'katimo n'zomwe zija. Sitinazisinthe."

Yotamu anamuyang'ana chammbali. "Iwe, khutu ili lamva injini zingati? Yendetsa basi. Ikalira ndikuuza."

Esinala anapukuta manja pansanza, nakakhala pachiongolero. Yotamu anapotoza kasikulu katatu, natseka boneti.

Ananyamuka. Giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mitengo ikungothawira kumbuyo. Analowa yachinayi chitunda chitayamba kuluma, ndipo galimoto sinazengereze n'komwe, inkangokwera ngati ikutsetsereka. Yotamu anatsinzina, paipi kukhutu, akumwetulira. Sanamvepo injini ikuimba chonchi. Mumtima anati, bambo, mukumva?

Kenako phuu. Kamodzi kokha. Galimoto inagwedezeka, utsi woyera unatuluka pansi pa boneti, ndipo Esinala anaikhotetsera pambali mwakachetechete mpaka inaima.

Atatsika anapeza oyilo akuyenderera pamsewu kutsikira kumunsi kwa chitunda. M'mbali mwa injini munali bowo lolowa chibakera. Mkono wachitsulo umene umakankha pisitoni unali utapindika pang'onopang'ono ndi katundu woposa mphamvu zake, mpaka unathyoka n'kuboola khoma. Injini yotere siwotchereredwa. Ina ikanapezeka ku Limbe, inde, koma osati yomangidwa ndi manja aja.

Yotamu anakhala pamwala, paipi ikadali m'manja. Minibasi zinkadutsa, anthu akusuzumira pamawindo. Pomaliza anati, "Sinalire. Ndinamvetsera, mlongo wanga, ndikulumbira. Sinalire ngakhale pang'ono."

"Ndikudziwa."

"Nanga iwe bwanji sunandiletse?"

Esinala anayang'ana oyilo uja. "Ndinanena, achimwene. Kungoti ndinanena kamodzi, ndiponso motsitsa. Inu mumadikira phokoso."

Anakokedwa ndi thirakitala yonyamula nzimbe kubwerera ku Nchalo. Kuchokera tsiku limenelo galimoto yofiira ija inakhala kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo Yotamu akafuna kukumbukira bambo ake analibenso choliza.

Tsono anzanga, tamverani. Yotamu sanali woipa, sanalinso waulesi. Anatsatira lamulo labwino, lochokera kwa munthu wabwino. Anangoiwala kuti lamulolo limagwira pa zinthu zodziwa kudandaula.

Ifenso timatero, eti? Timasenzetsa munthu mpaka alire, akalira ndiye timachepetsa. Wolongolola timamupatsa ndowa yaing'ono. Wofatsa uja, amene ukamutuma amangoti "chabwino," timamuwonjezera ina, mawa inanso, n'kumati ameneyu ngwamphamvu. Taganizani mayi anu amene mumawapeza atachapa kale yunifolomu yanu, mukawafunsa n'kumati palibe kanthu. Taganizani mnzanu wa pabenchi amene amakukoperani manotsi, amakusungirani malo pamzere wa phala, amasesa tsiku lanu mukachedwa, ndipo simunamumvepo akung'ung'udza. Kukhala chete sikutanthauza kuti sakupindika m'kati.

Koma nkhani yokoma nayi, ndipo ndi yokoma zedi moti siyofunika kudikira mawa. Injini sungaifunse, koma munthu ungamufunse. Wanuyo sanathyoke, akadalipo, mwina wakhala pambali panu pompano. Musadikire kuti adandaule, chifukwa mwina sadzadandaula mpaka tsiku limene mudzamve phuu. Mukaweruka lero, pitani mukamulande ndowa imodzi. Akati "musavutike," inu musamvere zimenezo. Nyamulani.