Kamfuti ka Ng'azi ndi Mazira a Fulu

Kalekale, ana inu, ndi akuluakulu amene mukunamizira kusinza uko, kunamveka malonda aulere. Wolengeza anali Ng'azi. Ankati aliyense woikira mazira abwere, amupezera malo ofunda bwino, osalipira kanthu.

Ng'aziyo anali ndi kamfuti kaja anthu ankalozana nako pamphumi pazipata nthawi ya mliri. Mliri utatha anthu anakataya kudzala, iye n'kutola. Ukaloza pansi kankalira kuti tii! n'kulemba nambala ya kutentha kwa malowo. Chitolereni kamfutiko, Ng'azi anasiya kununkhiza, anasiya kuyang'ana. Ankangoloza. Tii!

Nkhwali anapita, anamupezera malo. Patatha masiku awiri, mazira kulibe. Nkhanga anapita, chimodzimodzi. Pokapepesa, Ng'azi ndiye ankafika woyamba, n'kumalira kuposa eni ake, mimba ikukhula pansi.

Panali fulu wina, dzina lake Nangondo. Zonsezi ankaziona, koma naye anali ndi lake vuto. Zaka ziwiri zotsatizana anakwirira mazira pamalo ozizira, onse n'kusukusa. Tsopano anali atakalamba, m'mimba muli mazira asanu, mwina otsiriza. Malo ofunda ankawafunadi, ndipo kamfuti kanali kamodzi komweko dziko lonse.

Anakwawa, anakwawa, mpaka anafika kwa Ng'azi mame asanakamuke. Anafunsa mtengo, anamuuza kuti ulere. Anafunsanso, ulere womwewo.

"Alamu, chaulere chimandiopsa ine. Landirani ngakhale bowa."

"Bowa n'chakudya cha odwala, mayi. Ine ndimangothandiza mtundu."

Nangondo anapempha kuti kamfutiko kayambe kuyeza iye, aone mmene kamagwirira ntchito. Ng'azi analoza pachigoba. Tii! Anaona nambala, n'kupukusa mutu.

"Mayi, malinga ndi kamfutika, inu munamwalira dzulo."

"Zikomo pondiuza. Ndikanamangoyendabe osadziwa."

Anaseka onse awiri, koma Nangondo anasunga kanthu mumtima. Kamfutiko kanayeza chigoba chonyowa ndi mame. Za mwini wake wokhala m'katimo sikanadziwe. Kamauza za pamwamba pokha.

Ananyamuka. Pansi pa mkuyu, tii! kuzizira. Pamchenga wa kumtsinje, tii! kutentha koti mazira angaphikike. Anafika pachulu chakale, mbali yotulukira dzuwa. Tii! Ng'azi anati 30, nambala yeniyeni ya mazira a fulu. Nangondo anaima ngati akupuma, mwendo wakumbuyo n'kumaulowetsa m'dothi mwakachetechete. M'kati munali mofunda ngati pamwamba pomwe. Mtima wake unati ndi pano. Pakamwa pake panati pali nyerere zambiri, tiyeni kutsogolo.

Anakwawa, anakwawa, Ng'azi akuyasamula ndi njala, mpaka anafika m'mphepete mwa phiri. Pamenepo panali mulu waukulu wa dothi, wosalala bwino. Unali uvuni wa anthu owotcha makala, anauyatsa dzana, utsi utachepa kale. Dothi pamwamba, moto m'kati. Nangondo anamva fungo la utsi akadali patali. Ng'azi sanamve kanthu, maso ali pa nambala. Tii! 30.

Nangondo anati apa pokha ndi pabwino. Anapalasa pang'ono pamwamba, n'kukhalapo mwaulemu. Ng'azi anati zoikira mazira n'zachizimayi, iye sangaonerere. Anachoka akucheukacheuka, kuloweza malowo ndi diso. Atangozimiririka, Nangondo anatsika, kubwerera kuchulu kuja. Anakumba, anaikira asanu onse, anakwirira, anapondaponda, anawazapo masamba ouma.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo, Ng'azi uyo pa uvuni. Tii! 30. Anaika kamfuti pambali, n'kuyamba. Fuku fuku fuku! Zala zinayamba kumva kutentha. Anaima, n'kutenga kamfuti, kuloza pambali pa dzenje. Tii! 30. Anati zala zikunama izi, kamfuti sikanama. Fuku fuku fuku! Kautsi kanatuluka. Anati ndi nthunzi ya mazira abwino. Anatulutsa lilime, analowetsa mutu wonse.

Dothi linangoti gumu! Moto unangoti lawi!

Ng'azi anatuluka chafutambuyo, kuzungulirazungulira, mchira kumenya uku ndi uku, osadziwanso kumene kuli madzi. Nangondo anali pansi pa chitsamba, akuonerera. Ankaganiza kuti aseka, koma kuseka sikunabwere. Munthu wopsa amamvetsa chisoni ngakhale ali mbala.

"Alamu, kumanzere! Dutsani pamkuyu paja, mtsinje uli pafupi!"

Ng'azi anathamanga. Phava! m'madzi. Anakhala momwemo masiku atatu, mphuno yokha ili kunja. Nangondo ankapita kukamuzonda, atanyamula bowa uja, chakudya cha odwala. Ng'azi anadya. Za kamfuti sanafunsenso.

Miyezi itapita, dothi la pachulu linagwedezeka. Panatuluka tiana tinayi, tating'ono ngati zipande za mtedza. Dzira limodzi linasukusa, Nangondo analilira pang'ono, n'kutembenukira kwa amoyowo.

Kamfuti kanatsala m'manja mwake. Nkhwali ndi Nkhanga ankabwera kudzayezetsa. Iye ankawauziratu mtengo, bowa umodzi, kuti aliyense adziwe chimene akulipira. Akaloza, tii! ankawauza kuti tsopano pisani mwendo m'dothimo, mumve nokha. Malo akapezeka, ankatembenuka kuyang'ana kumbali, mwini mazira asankhe yekha pokumba.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula, yathera pomwepa. Mbatata zili paphulusazo musaziyeze pakhungu pokha. Malonda aulere aja analipira ndi mwini wake: zikhadabo zitatu, khungu lonse la pamphuno, ndi lilime long'ambika pakati, limene mpaka lero amalitulutsa pafupipafupi kuti lipitidwe mphepo.