Anthu a m'Gulu Lachinayi

Titangomaliza swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, pamzikiti wathu ku Ntaja, panaima galimoto yoyera ya kampani ina ya zomangamanga. Munatuluka bambo wovala bwino, Jafali Mkwepu, amene ankayang'anira zogula zonse za kampaniyo: simenti, njerwa, mchenga. Anafunsa za Shehe Asani Mtalika. Ine ndimaphunzitsa ana pamadrasa pomwepo, choncho ndinamuperekeza pakhonde pamene a Shehe anakhala pamkeka, akusoka mkanjo wawo umene unang'ambika m'khwapa.

Atapatsana salamu, mlendoyo sanachedwe.

"A Shehe, anthu amati inu mumaona zinthu bwino. Andiimitsa ntchito, koma ine sindikuona pamene ndinalakwa. Ndinatsata zimene ndinaphunzira kukoleji, osaphonya ngakhale pang'ono."

"Khalani pansi, bambo. Munaphunzira zotani?"

Anafotokoza ngati ali m'kalasi. Anati wogula katundu wa kampani, asanasankhe womugulitsa, amayamba waona anthu onse amene ntchitoyo ikuwakhudza, n'kuwagawa m'magulu anayi.

"Loyamba ndi la anthu amphamvu amenenso ali ndi chidwi, monga eni kampani. Amenewo sutalikirana nawo. Lachiwiri ndi amphamvu opanda chidwi, umangosamala kuti asakwiye. Lachitatu ali ndi chidwi koma alibe mphamvu, umangowauza zimene zikuchitika. Lachinayi alibe zonse ziwiri. Amenewo sutaya nawo nthawi."

"Ndi nzeru yothandiza munthu wotanganidwa," anatero a Shehe. "Nanga yakulakwirani pati?"

"Tikumanga sukulu. Ndinapeza munthu wotigulitsa mchenga motchipa, amaukumba kumtsinje, kuseri kwa mudzi wina wa konkuno. Anthu a m'mudzimo ndinawaika m'gulu lachinayi, poti sasainira kanthu, komanso sukuluyo ili kutali ndi kwawo. Koma sabata yatha anthu omwewo anatseka msewu ndi miyala, n'kutentha lole ya mchenga. Dalaivala anapulumukira m'munda wa chimanga. Ntchito yonse yaima. Anthu opanda mphamvu, a Shehe! Mphamvuzo anazitenga kuti?"

Apa ndinauzindikira mudzi umene ankanenawo. Ndinayang'ana a Shehe. Iwo nkhope sinasinthe.

"Chinawakwiyitsa n'chiyani?" anafunsa.

"Nkhani ya maenje. Mvula itagwa, maenje okumba mchenga aja anadzaza madzi." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. "Ndiye akuti mwana wina anagweramo. Koma maenjewo si athu, ndi a wogulitsa uja."

"Anagweramo n'kutuluka?"

"Ayi. Anamwalira."

Mkulu wina amene ankavala nsapato kuti azipita anangoima, nsapato ina ili m'manja. Tonsefe tinali nawo pamaliro amenewo. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti munthuyu anatchula lole, dalaivala ndi ntchito yake, koma imfa ya mwana inabwera pomalizira, komanso mochita kufunsidwa.

A Shehe anaika singano pansi.

"Bambo Mkwepu, mwanayo dzina lake ndani?"

"Sindikudziwa, a Shehe. Anangondiuza kuti mwana."

"Dzina lake Swabiru. Ankaphunzira kwa a Mwalimu awa, amene akubweretsani kwa inewa. Ankakhala kutsogolo chifukwa khutu lake limodzi silinkamva bwino. Thupi lake ndinasambitsa ndine. Ndinachita kuchotsa mchenga m'zikhadabo zake ndisanamukulunge m'sanda."

Mlendoyo anayang'ana ine, kenaka anthu onse amene tinali pamenepo, ngati akutiona koyamba. Anatsika pampando umene tinamupatsa n'kukhala pansi penipeni.

"Ya Allah! Ine sindinafikeko n'komwe kumtsinjeko," anatero ndi mawu otsika. "Sindinaone chifukwa chopitirako. A Shehe, ndiye kuti zonse zimene ndinaphunzirazi n'zabodza? Ndizitaye?"

A Shehe anayankha mofatsa monga mwa masiku onse.

"Ine za kukoleji sindizidziwa, ndipo sindingakuuzeni kuti muzitaye. Koma ndamvetsera bwino magulu anu anayiwo. Onse akuyankha funso limodzi: ndani angandipweteke ine, ndani angaimitse ntchito yanga? Ngakhale pamenepo akunamizani, chifukwa munthu sakhala m'gulu limodzi mpaka kalekale. Mayi amene dzulo analibe mawu, akaika mwana wake m'manda, palibe msewu umene sangautseke. Koma pali funso lina limene mulibe m'magulu anuwo, ndipo ndi limene Allah adzakufunseni: inuyo, ndi kugula kwanuko, mukanapweteka ndani? Mukanayamba ndi limenelo, anthu amene munawaika pomalizira akanakhala oyamba, ndipo mukanapita kumtsinje kuja mvula isanagwe. Tsopano dzukani. Maenjewo akadali ndi madzi, ndipo m'mudzimo mudakali ana. Mukawakwirire kaye, kenaka mukagwade kwa mayi ake a Swabiru, mukamutchule mwanayo dzina lake."