Mmene a Lameki Anamanira Mphwawo Ulendo wa ku Bombay

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, mchere ukugulidwabe ndi makobiri oboola pakati, munali munthu wina dzina lake Lameki Gwaza. Amenewo ndiwo atsibweni a agogo anu. Sanali olemera ayi, musamvere okometsa nkhani. Anali ndi kantini ya chitseko chimodzi, njinga yakapalasa, ndi mutu wouma ngati chitsa cha muwanga.

Ali mnyamata anaphunzira pasukulu ya zamalonda ya amishoni kubomaku, kenaka anakagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri m'sitolo yaikulu ku Bulawayo. Kumeneko anaona nsalu ikutsika m'sitima m'mabelo, namva mtengo wake weniweni isanadutse m'manja asanu. Atabwerako ankakonda kunena kuti, "Ana a pasukulu pathu kuwonkhetsa amatha, koma kumene katundu amabadwira sanaoneko. Mwana wosayenda amati amake ndiwo odziwa kuphika."

Ndiye anaitana anzawo asanu ndi anayi amene anadutsa pasukulu yomweyo, ena makalaliki, ena eni timasitolo. Anati, "Sukulu ija inatilera. Tiyeni titumize mwana wake mmodzi kunja, akaphunzire malonda kuchimake." Ndalama zambiri analibe, koma makasu anali nawo. Anatsegula munda wa mtedza. Loweruka lililonse, amuna ovala mataye mkati mwa sabata ankavula nsapato n'kugwira mpini. Analima, nakolola, nagulitsa. Analimanso, nakololanso, nagulitsanso. Chaka chachitatu, atawonjezapo za m'matumba mwawo, zinakwana kutumiza wophunzira mmodzi ku koleji ya zamalonda ku Bombay. Pangano linali limodzi: aphunzitsi alembetse mayeso, woposa anzake onse ndiye apite.

Mukuganiza kuti anapambana ndani? Anapambana Dolika, mwana wa mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pamsika, wobwera kuchokera kutsidya kwa malire. Wachiwiri, wotsalira ndi malikisi awiri okha, anali Batumeyo, mwana wa Etinala, mlongo wawo wa a Lameki.

Tsono inu mukudziwa mwambo wathu. Mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa wobala wekha. Ndiwe mwinimbumba: umamuphunzitsa, umamukwatitsa, ndipo tsiku lako likafika ndiye amakuika m'manda. Munthu wotayidwa ndi mbumba yake ali ndi ndani?

Anzawo anafuna kuwapeputsira katundu. A Mataka, kalaliki wa kupositi, anati, "Achimwene, malikisi awiri n'chiyani? Mtsikanayu akakwatiwa komweko, thukuta lathu lipite pachabe. Nzeru ya mundawu ndi yanu. Tingolemba Batumeyo, palibe angatifunse."

A Lameki anati, "Tikalemba wanga lero, ulendo wina tilemba wanu, a Mataka, uja analephera kawiri. Pamenepo mundawu ukhala wa anthu khumi, osatinso wa sukulu. Lembani Dolika."

M'mawa mwake, asanatsegule n'komwe kantini, anapeza Etinala atakhala pakhonde.

"Achimwene, ndamva kuti mwabala mwana wamkazi kumsika."

"Achemwali, mayeso ndiwo asankha."

"Mayeso? Mayesowo ndiwo adzakusambitseni mukadzadwala? Ine ndinasenda mtedza umenewo mpaka zala kutupa. Ndinkati ndikusendera mwana wanga, kodi ndinkasendera zitumbuwa?"

"Munasendadi, sindikukana. Batumeyo ndimusiyira kantiniyi."

"Kantini ya machesi ndi sopo! Mwana wa eni akwere sitima ya pamadzi, wanga azithamangitsa ntchentche pashuga? Kuyambira lero ine ndilibe mlongo."

Ndipo sanangonena. Anakwaniritsa. Akakumana panjira ya kutchalitchi, Etinala ankapotolokera kutchire. Mwana wake wamkazi atapeza banja, anaitana munthu wina kukhala nkhoswe, a Lameki ali moyo, ali m'mudzi momwemo. Kodi pali manyazi oposa amenewo kwa mwinimbumba? Tsiku la chinkhoswecho iwo anatenga khasu n'kupita kumunda wa mtedza. Amene anawaona amati sanalime, anangokhala pachulu mpaka dzuwa kupendeka. Koma dzina la Dolika sanalifufute.

Dolika anapita, nakhala zaka ziwiri, nabwerako. Ena amati anabwera pagalimoto yakeyake. Bodza limenelo. Anatsika basi ndi sutikesi imodzi ndi katoni ya mabuku. Anaphunzitsa pasukulu ija zaka makumi awiri, ndipo ndiye anaonetsa eni timasitolo a kuno njira yoitanitsira katundu pamodzi kuchokera kudoko, osadzera m'manja asanu aja. Batumeyo kunja sanapiteko. Anayendetsa kantini bwinobwino, osadandaula, koma amake mtima sunatsike.

Chiyambire mkangano uja, zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Kenaka a Lameki anagwidwa ndi chifuwa, chakudya n'kumakana. Masana ena anamva chitseko chikutseguka. Anali Etinala, mbale ya phala m'manja. Anakhala pansi, nawadzutsa, nawatsamiritsa paphewa pake.

"Achemwali, mwabwera?"

"Musayankhule. Sindinakukhululukireni. Imwani."

Anamwa. Etinala anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka tsiku lomaliza, mawu ake omwewo: sindinakukhululukireni, imwani. Pamaliro, Batumeyo ndiye anatsogolera mbumba, Dolika ali pakati pa amayi olira ngati mwana wa pakhomo.

Lero m'munda muja mulibenso mtedza, ophunzira akale amangosonkha kuchokera kumene ali, ena ku Lilongwe, ena kunja. Koma mwaona zimene timachita tsiku losankha wopita kukaphunzira? Aliyense amene ali ndi mbale wake pamndandanda amanyamuka yekha, osauzidwa, n'kukadikira panja pansi pa mtengo. Zimawawa, ine ndinakhalapo pamenepo kawiri. Koma tinaphunzira kwa a Lameki kuti ukapereka kusukulu imene inakulera, dzanja limene wapereka nalo ulibweze m'thumba, lisaloze woti alandire.